Manja Ozizira a Apongozi Ako

Edina mwana wanga,

Pepa kuti ndikukuvutitsa ndi kalata pomwe tonse tili pakhomo pamodzi. Pepanso ndi zilembo zokhotakhotazi, ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera ku pulayimale ndipo cholembera chimanditopetsa kuposa khasu. Koma chachikulu chimene ndikupepesa ndi chakuti zimene ndalemba muno si zouza munthu woyembekezera. Azakhali ako atamva angandikalipire kuti ndikukuitanira tsoka. Kuyambira dzana ndakhala ndikufuna mpata woti ndikupeze wekha, koma kulikonse kumene uli, apongozi ako ali pomwepo, ndipo mawa m'mawa mukunyamuka limodzi kubwerera ku Mlangeni. Ndiye ndakhala kuseri kwa nkhokwe kuno masana ano, pepala ndaika pa lichero. Iwo ndikuwamva ali pakhonde, akusenda mtedza, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Kalatayi ndikupatsa m'manja potsazikana, ukawerenge uli wekha.

Nkhani ndiyambe nayo kuti usavutike kuifuna. Kusikelo anakuuza kuti mwana wagona chopingasa, ukachirire kuchipatala chachikulu, ndipo mwina akakuchita opaleshoni. Ndiye kuti padzanja lako padzalowa singano ya dripu, mwinanso pa kadzanja ka mwanayo. M'wodi amalola wodikirira mmodzi yekha. Apongozi ako aNangozo anena kale kuti wodikirirayo ndi iwo, poti kwawo kwa amuna ako a Lameki mwana woyamba m'banja amalandiridwa ndi akuchimuna. Ine ndikupempha kuti ndikakudikirire ndine. Si nsanje ayi, ndipo aNangozo ndilibe nawo chifukwa. Ndi munthu wabwino mtima kuposa ine. Werenga mpaka kumapeto, ukatero undiyankhe.

Ukukumbuka chaka chija ndinapita kuchipatala ndi pakati n'kubwerako chimanjamanja? Unali wamng'ono, unatsala ndi agogo ako, ndipo anangokuuza kuti mwana wabwerera. Sunafunsenso, nanenso sindinanene. Anali wamwamuna. Anabadwa masiku asanakwane, wochepa moti ankakwana m'zikhatho zanga ziwiri, koma anali wamoyo ndithu, ankalira, ankayamwa pang'onopang'ono. Adokotala anati akhale kaye m'chipinda cha ana obadwa masiku osakwana, azilandira madzi ndi mankhwala kudzera m'dripu, akalimba tizipita. Chipatalacho sindichitchula, chifukwa ndamva kuti kunasintha, ndipo anesi a nthawi imeneyo sindikuwanena. Ankagwira ntchito mpaka mapazi kutupa, munthu mmodzi kuthamangira zipinda ziwiri.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. M'mipopi madzi ankabwera mwa apo ndi apo. Pakhomo la chipindacho panali mgolo wabuluu wa madzi, ndi kapu imodzi yoyandama momwemo. Aliyense wofuna madzi ankapisa dzanja n'kutunga, kaya wosamba m'manja, kaya wotsuka kapu yofinyira mkaka, kaya wonyowetsa nsalu. Timabedi ta ana tinali m'mizere iwiri, ndipo kathu kanali chapakati.

M'menemo ndi mmene ndinawaonera aNangozo koyamba. Ankadikirira mwana wawo wamkulu, mchemwali wake wa Lameki, amene naye khanda lake linali m'chipindamo. Mayi waukhondo ngati amene uja ndinali ndisanamuonepo. Chitenje chosita, duku woyera, fungo la sopo patsogolo iwo pambuyo. Amuna awo anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosatha, ndipo iwo anawadikirira m'zipatala zaka zambiri mpaka kuwaika m'manda, motero za m'wodi ankazidziwa ngati za kukhitchini kwawo. Anali ndi beseni loyera lachitsulo limene amuna awowo anabwera nalo, ndi kathaulo kamodzi. Dzuwa likafika pamutu, chipinda chikatentha, ankatunga madzi mumgolo muja n'kuyamba kuyenda bedi ndi bedi, kupukuta ana pamphumi, m'khosi, m'timanja. Sankasankha kuti uyu ndi wawo, uyu ndi wa mwini. Dripu ikasiya kudontha nesi ali kwina, tonse tinkaitana iwo. Ankazula kapaipi, kuuzira kunsonga kwake, kupukuta ndi kathaulo kaja, n'kubwezera, madzi n'kuyambanso kutsika. Pulasitala ikamatuka, ankang'amba kansalu n'kumanga bwinobwino. Amayi ankawatcha nesi wa ku Joni, iwo n'kumayankha kuti yunifomu yawo ikadali kwa telala, akuchedwa kusoka matumba. Manja awo anali ozizira bwino ngakhale kutenthe chotani. Akakugwira pamphumi unkamva ngati walowa pamthunzi.

Tsiku limene anakonza dripu ya mlongo wako ndinawathokoza nditagwada. Apa ndi pamene tinalakwitsa tonse m'chipinda muja, ine pamodzi ndi anzanga: ukhondo tinkauona ndi maso. Edina, m'chipatala usakhulupirire maso. Dzanja likhoza kuwala, kununkhira sopo wa m'mawa, koma chisambireni lagwira ana a eni angapo. Dzanja loyenera kuyandikira singano ndi lokhalo limene waliona wekha likusambidwa pompo ndi sopo ndi madzi othira, kapena likupakidwa sipiriti mpaka kuuma. Ndipo kapaipi kakazuka, kazuka. Sikabwezedwa ndi wodikirira, ngakhale wodikirirayo ndikhale ine. Umaitana nesi, akachedwa umadikira. Dripu ikaima pang'ono munthu safa, koma ikagwidwa ndi pamene pali zoopsa.

Woyamba kupita anali wa pabedi la pakhomo. Mwambo wathu ukuudziwa, khanda limene silinagwe mchombo sililiridwa mokweza. Amayi amalikulunga m'chitenje n'kutuluka nalo mwakachetechete, kukaika okha popanda nyimbo. Ndiye m'chipinda muja munalibe maliro oti munthu n'kuwamva. Unkangopita kukachapa, pobwera n'kupeza bedi lina lili pululu, kamatilesi kataimikidwa kukhoma. Kenaka la pambali pake. Kenaka lotsatira. Chimene chinkandiopsa si kulira ayi, koma kuchepa kwa kulira. Tsiku limene tinalowa, ana ankalira mopikisana moti mnzako akamalankhula sunkamumva. Patapita masiku, masanasana, unkamva ntchentche ikugunda galasi la zenera, ndi nyimbo ya aNangozo ikuyenda pakati pa mabedi.

Onse ankayamba mofanana. Mwana amene dzulo ankayamwa, lero wangotsegula kukamwa osakoka. Timapazi tozizira, kunja kukutentha chonchija. Kamimba kutupa, khungu kusanduka ngati phulusa. Sankaphupha kapena kuvutika mooneka. Ankangochepa mphamvu, ngati pali wina amene akuwamwa pang'onopang'ono ife tikuyang'ana.

Kuchitando, kumene odikirira amaphika ndi kugona, amayi anayamba kunong'onezana. Mayi wina wa ku Kandeu anati iye wachiona: masana anesi akapita kukadya, nsalu yotchinga pakhomo imagwedezeka popanda mphepo, ndipo zikatero tsikulo silidutsa bwino. Wina anati chipindacho anachimanga panjira yakale yopita ku nyumba ya chisoni. Tonse tinagwirizana pa chimodzi, kuti chinthucho chikuyenda motsata mzere, kuyambira pakhomo kulowera kuzenera, ndipo aliyense ankayang'ana mabedi otsala kuti chifike pa iye. Ena anamanga timikuzi m'chiuno mwa ana. Ena anaika mchere kunsi kwa matilesi. ANangozo anati zonsezo n'zachikunja, chofunika ndi pemphero ndi kusamala ana, ndipo anayamba kuzungulira kawirikawiri kuposa kale. Nawonso ankayambira pakhomo kulowera kuzenera. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anaziganizira.

Ine ndinachita zanga. Nditaona kuti bedi loyandikana ndi lathu latsala lopanda munthu, ndinachonderera nesi kuti atisamutsire mzere winawo, kumapeto kwenikweni. Ndinkati ndachizemba. Mphamvu zanga zonse zinathera pothawa chosaoneka, pomwe chooneka chinali pamaso panga: pa kadzanja ka mlongo wako, pamene panalowa singano, panali patafiira, kansalu kali konyowa. Nditaona kuti wayamba ulesi poyamwa ndinafuna kuitana nesi, koma anali ndi mayi wina wotaya magazi, ndipo ndinachita manyazi kumusokoneza. ANangozo anabwera, anamuyang'ana, anati ndi kutentha chabe, n'kumupukuta. Nesi anamuona dzuwa litapendeka. Anathamanga ndithu, anasintha mankhwala, koma nthawi inali itatha. Ndiye ndikunena, Edina, manyazi ukawasiye ku Mlangeni. Tsiku lililonse uziyang'ana pamene palowa singano, padzanja lako ndi la mwana. Pakafiira, pakatupa, pakamapweteka, pakanyowa, pulasitala ikada kapena kumatuka, nena nthawi yomweyo. Mwana akasiya kuyamwa, akazizira kapena kutentha thupi, usati tione mmene kuchere. Kaime pakhomo la anesi mpaka wina adzuke. Akakukalipira, kalipiridwa.

Kokaika sindinapite. Anapita agogo ako ndi azakhali ako, chifukwa tsiku lotsatira nane ndinagwa. Singano imene anandiika pobereka inali ikadali padzanja, yopanda ntchito, aliyense ataiiwala, ine ndikuchapa nayo matewera, ndikutunga nayo mumgolo. Masanasana, anthu akutuluka thukuta, ndinayamba kunjenjemera mpaka bedi kulira, mano kugundana. Anandifunditsa mabulangete koma kuzizirako kunali mkati, kukuyenda m'mitsempha kuchokera kudzanja kulowera kumtima. Ndinkamva njira yake yonse. Anachotsa singano ija, anandiika ina mbali inayo, ndipo ndinakhala pa mankhwala nthawi yaitali ndisanadziwe kuti ndikhala moyo. Pamenepa tengapo ichi: m'mawa uliwonse adokotala akamazungulira, uzifunsa ngati singanoyo ikufunikabe. Ngati ilibe ntchito, apemphe aichotse, isagonenso pathupi lako. Ndipo dzanja limenelo lisalowe m'madzi ochapira.

Kudwala kumeneko n'kumene kunachititsa kuti ndione mapeto ake. ANangozo anali atapita kwawo ndi mdzukulu wawo wamoyo, amayi atawaperekeza mpaka pageti ndi madalitso. Mdzukuluyo anangogonekedwa chifukwa cha chikasu, ankayamwa yekha, pathupi pake panalibe singano. Iwo atapita, kunabwera akuluakulu a zaumoyo. Anatseka chipinda chija, anatenga magazi a ana otsala ndi madzi a mumgolo, anapukuta ndi thonje m'mabedi ndi m'masinki. Nesi wina wachikulire wovala magalasi anatisonkhanitsa tonse, amayi, odikirira ndi anesi omwe. Anabwera ndi timbale tokhala ndi zinthu zofiira zolimba ngati phala logona. Anati aliyense adinde zala pa kambale kamodzi mmene zililimo, kenaka asambe ndi sopo ndi madzi othira, adindenso pa kena. Anayamba ndi iye mwini.

Patapita masiku anabwera nato tili totseka. Edina, ndinaona zala zanga zitamera. Pamene ndinadinda panali timadontho totuwa, tonyezimira ngati mamina, tothithikana, titajambula chala chilichonse bwinobwino, mpaka kupindika kwa chala changa chaching'onochi. Ndipo tsiku lodindalo ndinali nditasamba thupi lonse m'mawa. Kambale ka nesi wachikulireyo kanali chimodzimodzi, ndipo sanakabise. Timbale tachiwiri, ta manja osamba, tinali mbee, mwina kadontho kamodzi pakona. Mayi wa ku Kandeu uja anayamba kupukuta manja pachitenje, kupukuta, kupukuta, mpaka mnzake anachita kumugwira.

Nesiyo anatifotokozera mosavuta. Anati tizilombo timeneti tikakhala pakhungu nthawi zambiri sitichita kanthu, chifukwa khungu ndi mpanda. Koma singano ya dripu imaboola mpandawo n'kusiya njira yolunjika m'magazi, ndipo chilichonse chokhudza pamenepo chalowa basi. Anatinso ta m'chipatala ndi tovuta kuposa takumudzi, chifukwa tinazolowera mankhwala. Kachilombo kamene anakapeza m'magazi a ana anakapezanso mumgolo, pa kapu ija, ndi m'thumba limodzi la madzi a dripu limene anesi ankatungamo ndi jekeseni kugawira ana angapo poti matumba anali ochepa. Sanadzichotsemo. Mawu ake ndimawakumbuka mpaka lero: "Amayi, muno mulibe mfiti. Chinthuchi miyendo chilibe. Tachinyamula ndife, ine ndi inu." Atafunsa ngati panali wina amene ankagwira madripu kapena kupukuta ana ndi nsalu imodzi, tonse tinayang'ana pansi. Tikanamutchula bwanji munthu amene ankatigawira chakudya chake, amene ankatigwira mapewa ana athu akutuluka m'chitenje?

Mgolo uja anauchotsa. Anaika ndowa zokhala ndi mpopi, sopo pambali, botolo la sipiriti pabedi lililonse, ndipo mwana aliyense thumba lakelake. Wolowa aliyense ankasamba mpaka m'zigongono, nesi ataima pomwepo. Ndisanatuluke m'chipatala ndinamvanso ana akulira mopikisana m'chipinda muja, ndipo ndinakhala pansi m'khonde kumangomvetsera. Ndikukuuza zimenezi kuti udziwe kuti chinthuchi chimaletseka, koma sichiletsedwa ndi mchere kapena kusamuka bedi.

Zaka zinapita. Pa chinkhoswe chako, akuchimuna akulowa pabwalo, ndinaona duku woyera, ndipo atandipatsa moni wa m'manja, kuzizira kuja kunandifika mpaka paphewa. Iwo sanandizindikire, adikirira anthu ambiri. Ndinaganiza kuti si chifukwa chowonongera banja la mwana, Lameki ndi mnyamata wabwino, ndipo mwina pa zaka zonsezi anamva kwina n'kusintha. Koma dzana, tikudya, unamva wekha mmene ankafotokozera. Anati usade nkhawa, iwo za dripu amazidziwa kuposa ana asukulu amene akuvala zoyera masiku anowa. Anatchulanso za chaka chomwe chija. Anati m'wodi ina munalowa chiwanda chodya makanda, ndipo amene ankalimbana nacho masana aliwonse ndi iwo, mpaka mdzukulu wawo anatuluka wamoyo. Iwe unati Mulungu ndi wabwino. Ine ndinadzuka ngati ndikukatenga madzi. Pambuyo pake ndinayesa kuwauza mozungulira, kuti ndinamva pa wailesi kuti dripu sagwira wodikirira. Anaseka, n'kufunsa ngati a pa wailesiwo anayamba adikirirapo wodwala.

Mwina ukuti bwanji osangowauza zonse. Ndaganizirapo kwambiri. Kuwauza ndiye kuwauza kuti manja amene amanyadirawo ananyamula imfa ya ana a eni, ndi ya mlongo wa mpongozi wawo yemwe. Mwina sangakhulupirire, n'kusanduka mlandu wa mabanja awiri, iwe uli pakati ndi mimba. Mwinanso angakhulupirire, ndipo zimenezo ndi zimene ndikuziopa kwambiri, chifukwa mayi amene uja sangakhalenso munthu. Komanso sanali okha, wamva za mgolo ndi za thumba lija, wamva za zala zanga. Ndiye sindikufuna kuwaweruza. Ndikungofuna akhale kunja kwa chitseko mpaka singano zonse zitachoka. Zikatero amunyamule mdzukulu wawo mmene angafunire.

Ndikukudziwa, Edina. Ndinakuphunzitsa ndekha kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo unamva kuposa mmene ndinkafunira. Madzi umawapatsa utagwada. Iweyo ungathe kuuza apongozi ako kuti musandigwire? Ndipo ukatuluka ku opaleshoni udzakhala uli m'tulo ta mankhwala, osadziwa amene ali pambali pako. Mwana akhoza kutengedwa kupita chipinda china iwe usanadzuke, wolowa kukamuona n'kukhala wodikirira. Ndamva kuti masiku ano anesi amaletsa ndithu, koma nesi sangaime pabedi limodzi tsiku lonse. Ndipo aNangozo sachita zimenezi mwamwano. Amangoona dripu yaima, mtima n'kuwapweteka, dzanja n'kupita lokha.

Zikakanika, n'kupezeka kuti okudikirira ndi iwo, chita izi. Tsiku lolowa, pempha nesi anene pamaso pa nonse awiri kuti singano ndi mapaipi sagwira wodikirira. Zikatero iwe uzingoti, "Amayi, paja anesi aletsa, angatithamangitse." Mlandu uzipita kwa anesi. Kwa anesi ndi adokotala mlandu uzibwera kwa ine. Wina akabwera kudzagwira dripu usanamuone akusamba kapena kupaka, mupatse botolo ndi manja awiri, unene kuti pepani, mayi anga ndi amantha, anandilumbiritsa. Adzaseka, koma adzapaka. Magolovesi asakunamize, nawonso amayenda bedi ndi bedi ngati sanasinthidwe.

M'chikwama chako chobiriwira, kunsi kwa zitenje, ndaikamo sopo, botolo la sipiriti wopaka m'manja, chowengera zikhadabo, ndi timathaulo timene ndawiritsa ndi kusita. Beseni ndi kapu ndazilemba dzina lako ndi msomali wamoto, kunsi kwake. Zimenezi si zobwereketsa, nawenso usabwereke za wina. Ndikudziwa kuti kuchitando amayi amagawana chilichonse, ndipo adzakunena kuti mtsikana wa ku Kasinje ndi womana. Agawire ufa, agawire ndiwo, nkhuni, mpunga umene ndakuikirawo, koma beseni, kapu ndi kathaulo ayi. Madzi osamba m'manja azikuthirira, usapise m'chidebe mmene apisa ena. Zikhadabo uwenge usanalowe m'wodi, mphete uvule. Pamchombo pa mwana pasapakidwe chilichonse kupatula chimene apereka anesi, ngakhale wina anene kuti kwawo amatero. Akumpingo akabwera kudzazonda, apemphere ataima chapatali, Mulungu amamva. Za kusamba m'manja ndanena kale, koma ndikubwerezanso: usanagwire mwana, usanafinye mkaka, ukachoka kuchimbudzi, ukagwira foni. Iweyonso, osati alendo okha.

Bambo ako akuti ndimachulutsa mantha. Akuti anthu akuchira m'zipatala tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndikanakhala ndi mphika waukulu ndikanawiritsa ndi alendo omwe asanalowe m'nyumba. Ndimaseka nawo, chifukwa ndi zoona kuti ambiri amapita n'kubwerako bwinobwino, ndipo iwenso udzabwerako. Koma bambo akowo m'chipinda muja sanalowemo. Anaima pazenera kunja kamodzi, anaona timabedi, n'kubwerera kudzathirira mpunga.

Mwina ndikanangopemphera n'kukhala chete, pakanapanda za m'mawa uno. Unali pamkeka ukusankha nyemba, aNangozo atakhala pafupi nawe, ine ndili pakhomo la khitchini. Anatenga dzanja lako lamanzere, analitembenuza, anayendetsa chala chawo pamtsempha kuchokera m'munsi kukwera, pang'onopang'ono, mwachikondi ndithu. Anati, "Mitsempha yabwino iyi, yooneka. Dripu yako sidzativuta." Iwe unamwetulira. Ine mbale inandipulumuka m'manja.

Amalume ako a Sitefano, ankhoswe ako, apita ku Mlangeni Lamulungu likudzali. Avomera kukapempha mwaulemu kuti pa uchembere woyambawu mwana adikiridwe ndi mayi ake omubala, ndipo aNangozo adzalandire mdzukulu potuluka, akhale oyamba kumunyamula kupita naye kumudzi. Koma akuti sangakanene ngati mawuwo sachokera kwa iwe ndi Lameki, chifukwa akachokera kwa ine ndi chipongwe. Mukafika ulankhule ndi amuna ako. Za mayi ake usamuuze. Ungomuuza kuti uli ndi mantha ndipo ukufuna mayi ako, zimenezo si bodza.

Ndiye undiyankhe lisanafike Lachisanu, kuti amalume ako adziwe zokanena, nanenso ndipeze wondionera madzi kumunda. Undiimbire uli wekha, kudimba kapena kumjigo. Ukati eya, ndiyamba kumanga katundu. Ukati ayi, ndimva, sindikwiya, ndipo ndidzabwerabe kudzakhala kunja kwa mpanda wa chipatala, kumene dzanja lako sindingalione. Yankho limodzi lokha usandipatse, mwana wanga. Usati tiona.

Ndine mayi ako,
Nachisale